Kambuku anachira koma bilu yake inandidwalitsa ine: zomwe ndinaona kwa dokotala wa ziweto muno mu Chipata

Ndakhala ndikufunsidwa ndi anthu ambiri, ena pa msika ena ku tchalitchi, kuti kodi amai munapitadi ndi galu ku chipatala, nanga munalipira zingati, ndiye ndaona kuti bola ndilembe kamodzi aliyense awerenge yekha. Dzina la malowo sinditchula chifukwa pali zina zomwe sizinandisangalatse ndipo sindikufuna kuipitsa bizinesi ya munthu amene anandipulumutsira galu, koma ndi ka kiliniki ka ziweto ka pulayiveti muno mu tauni, kutsogolo amagulitsa mankhwala a nkhuku ndi a ng'ombe, kuseri ndiko kuli chipinda cha odwala.

Galu wathu dzina lake ndi Kambuku, chifukwa cha mawanga. Anatipatsa alamu anga a ku Katete ali kakang'ono kokwana m'manja awiri, ndipo sitinamutengere kukonda ayi, tinamutenga chifukwa akuba anatibera kawiri, ulendo woyamba nkhuku, wachiwiri mpaka mbaula ndi mapoto amene ndinaiwala panja. Koma mukudziwa mmene ana alili, mwana wanga wa zaka 9 anamusandutsa mng'ono wake, nsima akudya naye, pobwera ku sukulu woyamba kupatsidwa moni ndi galu, amake pambuyo.

Zinayamba Loweruka mu Okutobala, kutentha kuja kwa kuno kumene ngakhale usiku mphepo imakhala ngati ikuchokera pa moto. Kambuku anali ndi miyezi 4. Anakana kudya, tinati mwina ndi kutenthaku. Lamulungu mmawa anayamba kusanza, choyamba zakudya kenako thovu lokhalokha, pofika madzulo kutsegula m'mimba kwa magazi, ndipo fungo lake anthuni sindinamvepo, si fungo la chimbudzi wamba, likumveka ngati nyama yowola yosakaniza ndi chitsulo, mpaka pano ndikalikumbuka malovu amadzaza mkamwa. Anakagona kuseri kwa dramu ya madzi, ukamuitana akungogwedeza kamchira pang'ono osadzutsa mutu.

Pamenepo ndiye madokotala a pa mpanda anayamba kubwera. Aneba a kumanzere ati wapatsidwa poizoni, mumwetseni mkaka ndi makala osinja. A kumanja ati mafuta ophikira ndi dzira laliwisi. Wina ati Panado theka. Apongozi anga pa foni anangoti galu sadwala, akadya udzu achira yekha. Ine ndinayesa mkaka uja, sindinama, anausanza pompo. Panado ndiye Mulungu anandigwira dzanja, chifukwa ndinadzamva pambuyo pake kuti mankhwala opha ululu a anthufe amaononga chiwindi ndi impso za galu, Brufen ndiye woipa kwambiri, ndipo mphaka Panado amamupheratu.

Cha m'ma 19 koloko mwana anali akulira osadya, ine ndinayamba kufunsa manambala. Maofesi a boma a za ziweto Lamulungu usiku amakhala otseka ngati maofesi ena onse, ndiye mnzanga wina amene amaweta nkhuku za mazira ndi amene anandipatsa nambala ya adokotalawa. Apa ndiyambe ndi kuyamika: anayankha foni kulira kwachiwiri. Sanandiuze kuti bwerani mawa. Anandifunsa mafunso atatu okha, galu ali ndi miyezi ingati, anabayidwa katemera wanji, chimbudzi chake chikuoneka bwanji, nditayankha anati amai musamupatsenso chilichonse pakamwa, mukulungeni mu nsalu yoti mukataya, mubwere naye pompano ndikutsegulirani.

Taxi inakana. Awiri anakana atangomva kuti ndi galu wotsegula m'mimba, ndipo sindiwada. Tinapita pa njinga yamoto, ine kumbuyo ndi katoni pamiyendo, abambo ake a mwana akutsatira pa ina, wanjingayo njira yonse akungoti amai koma ndalama muli nazo zotaya.

Titafika anatilandira okha adokotala ndi mnyamata mmodzi wothandizira. Magetsi kunalibe mbali yonseyo koma iwo anali ndi ka sola kowunikira ndi koyendetsa firiji ya akatemera, chinthu chimene ndinachiona ndi maso ndipo chinandilimbitsa mtima, chifukwa katemera akatentha amasanduka madzi chabe. Asanamulowetse anatiuza tiponde mu beseni ya madzi a Jik pakhomo. Anamukweza pa tebulo ya chitsulo, anamuyeza kutentha, anatukula mlomo kuona nkhama, zinali zotuwa ndi zouma ngati pepala, kenako anatsina chikopa cha pakhosi ndi kuchisiya, chinangoima chiimire osabwerera. Anati mwaona amai, madzi atha mthupi, chimene chimapha ndi ichi. Anatenga ka thonje ka pa kamtengo, kutengako chimbudzi pang'ono, kudonthezera pa ka pulasitiki kofanana ndi kaja amayezera malungo ku kiliniki, tinadikira mphindi ngati 10, mizere iwiri. Pavo, matenda a kachilombo koononga matumbo a agalu.

Ine ndinakana. Ndinati adokotala sizingatheke, galuyu anabayidwa, ndinapita naye ndekha kumapeto kwa Seputembala nthawi ya kampeni ija, kapepala ndili nako. Anaseka pang'ono koma osati monyoza, anati amai uja ndi katemera wa chiwewe, amene amabaya kwambiri nyengo ya 28 Seputembala, tsiku lokumbukira matenda a chiwewe dziko lonse lapansi, ndipo munachita bwino chifukwa chiwewe chimapha anthu, koma uja sateteza ku pavo ngakhale pang'ono. Wa pavo ndi wina, uja amati faifi-ini-wani chifukwa amateteza ku matenda asanu, amayamba kagalu kali ndi masabata 6 mpaka 8, kubwereza pakapita masabata 3 kapena 4, mpaka kafike masabata ngati 16. Ine zaka zonsezi ndimadziwa kuti galu akabayidwa wabayidwa basi. Ndipo ndikhulupirira theka la anthu a mu komboni mwathu akuganiza chimodzimodzi mpaka lero.

Anafotokoza bwino, apa ndiwapatsa ulemu wawo. Anati kachilombo kameneka kamadya khungu la mkati mwa matumbo, ndi chifukwa chake magazi ndi fungo lija, komanso kamagwetsa asilikali a mthupi, ndiye tizilombo ta m'matumbo timalowa m'magazi mosavuta. Iwo alibe jekiseni yopha kachilomboko, chimene amachita ndi kumusunga galu wamoyo ndi dilipu, mankhwala oletsa kusanza ndi maantibayotiki mpaka thupi lake lilimbane nako lokha. Anati tikamugoneka pano mwayi ulipo wabwino ndithu koma sindikulonjezani, mukapita naye kunyumba osachita kanthu ambiri a msinkhu uwu safika masiku atatu. Ndinawafunsa kuti anaphunzira kuti, anati ku UNZA, ku sukulu ya za ziweto ija ya dzina la Samora Machel, ndipo anati zikanakhala zofuna opaleshoni yaikulu akanatiuza za ku Lusaka, makilomita oposa 500 pa Great East, ndiye tithokoze kuti izi zitheka pompano.

Tsopano nkhani ya ndalama, imene ndi yomwe mukuifuna nonsenu.

Asanabaye kanula, kasingano kolowetsera dilipu mu mtsempha, anaima kaye, anavula magolovesi, anati tikambe. Kutsegula usiku K250, kuyeza kuja K300, ndipo kuti agonekedwe pafunika dipoziti ya K1,000 lero lomwe. Ndinafunsa kuti zonse pamodzi zidzafika pati, anati mwina cha m'ma K1,500, zitengera mmene ayendere. Mawu akuti mwina amenewa muwasunge, tibwererako.

Kunena zoona mphindi imeneyo inandiwawa. Galu ali gone pa tebulo akupuma mwa befu, dilipu yapachikidwa kale pa msomali koma sinalumikizidwe, ife tikuwerenga ndalama pa foni. Mu Airtel Money munali K620, abambo ake anali ndi K300 mthumba ya mafuta a mawa. Abambowo anandikokera panja ndi kundinong'oneza kuti amake mwana, ndalama imeneyi tigula agalu angati, alamu ako atipatsa wina ulele. Ndipo sananame, galu wa kumudzi sagulidwa ndi ndalama yotere, komanso mwezi umenewo lendi inali isanalipidwe. Ine sindinayankhe za galu, ndinangoti ndiye mukamuuze ndinu mwana wanu. Anakhala chete, kenako anatulutsa K300 ija.

Tinabwerera mkati ndi K920. Ndinati adokotala izi ndi zimene zilipo, zotsalazo mawa ndikatsegula pa msika. Anandiyang'ana, anati amai ndakhala ndikusiyiridwa agalu pano, munthu amati ndikubwera mawa mpaka lero foni siyipezeka, mankhwala ndinagula ndi ndalama yanga ku Lusaka, palibe boma limene limandibwezera. Koma anavala magolovesi ndi kubaya. Ndiye pamene ndinamvetsa chinthu chimene sitiganizira ife ozolowera ku kiliniki ya boma kumene umangopereka khadi: kwa ziweto kulibe NHIMA, inshuwalansi ija ya zaumoyo, kulibe zaulere, botolo lililonse la dilipu, thonje lililonse ndi lako. Sindikuwada pa dipoziti. Chimene ndinadana nacho chinabwera pambuyo.

Lolemba ndinatenga ya chilimba isanafike nthawi yanga, ndinachita kupempha amai amene anali pa mzere kuti tisinthane, anavomera koma atamva chifukwa chake nkhani inazungulira Saturday Market yonse dzuwa lisanafike pamutu, mpaka wina wogulitsa tomato kundikuwira kuti amake galu, odwala ali bwanji. Ndinaseka nawo, nanga ukanatani. Kaloba ndiye ndinalumbira kuti ayi, bola galu afe kusiyana ndi kulowa mmenemo.

Masiku awiri oyamba Kambuku sanasinthe. Amatilola kumuona kawiri pa tsiku, mmawa ndi madzulo, kuponda mu Jik polowa ndi potuluka. Chipinda chake ndi chaching'ono, makola anayi a waya, iye anaikidwa lakumapeto patali ndi ena, pansi anayala makatoni amene amasintha akaipa. Ukhondo ulipo, ndinafika mwadzidzidzi Lachiwiri masana osati nthawi yoona odwala ndipo ndinapeza mnyamata uja akukolopa, mwendo wa galu womangidwa bwino ndi pulasitala, dilipu ikudontha. Mnyamata ameneyu sindikudziwa amalandira zingati koma ndi amene anagwira ntchito yaikulu, amagona pomwepo pa benchi, ndipo ananditumizira ka vidiyo pa WhatsApp cha m'ma 5 koloko mmawa Lachitatu, Kambuku atadzutsa mutu akunyambita madzi mu chivindikiro cha botolo. Mwana wanga anakaonera kasanu asanapite ku sukulu.

Adokotala eni ake masana sapezeka kawirikawiri, ndipo ichi mudziwiretu. Ntchito yawo yaikulu ndi ng'ombe ndi nkhuku, amaitanidwa ku mafamu njira ya ku Lundazi ndi ya ku Chadiza, nkhani za chigodola ndi nkhupakupa, ndiye agalu amawaona mmawa ndi madzulo. Ukaimba masana amayankha mwachidule uku ng'ombe zikulira kumbuyo. Kwa ine sizinavute chifukwa mnyamata analipo, koma ndinadzifunsa kuti galu akanati wasintha mwadzidzidzi 13 koloko zikanatha bwanji.

Lachinayi anadya. Supuni ziwiri za phala la mpunga ndi kanyama ka nkhuku kowiritsa kopanda mafuta, osasanza. Anati madzulo mukhoza kumutenga. Ndinapita ndi K600 mthumba poganiza kuti pa K1,500 paja ndinapereka K920 usiku uja ndi K80 mmawa mwake, ndiye yatsala 500 ndi kena ka pamwamba. Mtsikana wa pa kauntala anatsegula buku, kudinadina pa kakyuleta, anati amai zonse ndi K2,550, mwatsala ndi K1,550.

Miyendo inazizira. Ndinati mwana wanga werenganso. Anawerenganso, yomweyo. Ndinapempha kuti andilembere chimodzichimodzi, ndipo apa ndi pamene panandinyansa, chifukwa panalibe pepala lililonse lokonzeka, anachita kuimbira adokotala ndi kumalemba kuseri kwa risiti zimene akuuzidwa pa foni. K250 ndi K300 za usiku uja zinali zapadera, sizinali mkati mwa K1,500 monga ndinamvera ine. Kugona ndi dilipu ndi majekiseni K400 pa tsiku, masiku 4, K1,600. Kanula inatuluka Lachiwiri anaika ina, kuphatikiza jekiseni ina yoletsa kusanza imene anaonjezera poona kuti yoyamba sikugwira, K220. Mankhwala a njoka za m'mimba ndi mapiritsi a kunyumba K180. Ukaphatikiza zikukwanadi, palibe chimene anaba, ndipo chilichonse chinagwiradi ntchito pa galu wanga. Koma ndinabwera pamenepo kawiri pa tsiku kwa masiku 4, ndinalankhula nawo pa foni kosawerengeka, panalibe ndi mmodzi yemwe wondiuza kuti amai pofika lero tadutsa paja tinakamba. Munthu wogulitsa pa msika K1,000 yoonjezera sumaitola pansi, umafunika kuidziwa Lachiwiri kuti uyambe kuthamanga, osati Lachinayi 17 koloko galu ali mmanja.

Adokotala atafika ndinawauza zimenezi pamaso, mwaulemu koma osabisa. Sanakwiye. Anati amai mwanena zoona, ndimaopa kutchula ndalama yaikulu tsiku loyamba chifukwa anthu amangonyamula galu kukafera kunyumba. Ndinamva chimene akutanthauza koma sindinagwirizane nacho, ndipo mpaka pano sindigwirizana nacho, chifukwa kusankha ndi kwanga, ndalama ndi yanga, mundiuze zoona ndilire ndekha. Mwina usiku uja akanati K2,500 abambo ake akanapambana mkangano uja panja paja, izi ndikuvomera, ndipo ndimaziganizira. Komabe.

Anandichotsera K150, anandilola kutenga galu nditapereka K600 ija, yotsalayo ndinamaliza mu magawo awiri pa MoMo mwezi usanathe, sanandivutitse ndi mafoni, anangotumiza meseji imodzi yofunsa kuti Kambuku akudya bwanji, imene ndinaimva bwinobwino tanthauzo lake.

Malangizo a kunyumba ndiye anapereka okwanira, ndipo awa sanalipiritse. Anati galu wochira amatulutsabe kachilombo mu chimbudzi kwa masabata ngati awiri, asayende kwa aneba, chimbudzi chake muzikwirira kapena kutentha. Pa simenti, mbale zake ndi khola tsukani ndi Jik, kapu imodzi mu makapu 30 a madzi, muisiye mphindi 10 musanatsukuluze, sopo wamba ndi mankhwala onunkhira okolopera aja sakapha. Pa dothi ndiye palibe chochita, kamakhala miyezi yambiri mpaka chaka, ndiye musabweretse kagalu kena kosabayidwa pa bwalo limeneli. Kamayenda ndi nsapato, matayala a njinga, ngakhale manja, galu wako akhoza kudwala asanatulukepo pa geti. Anthu sikatigwira, ichi ndinafunsa kawiri chifukwa cha mwana. Nditamva izi ndinakumbuka kuti aneba aja a mkaka ndi makala anataya tiagalu titatu mwezi wa Ogasiti, onse ankati ndi poizoni mpaka anasiya kulankhulana ndi banja lina la kuseri, ndipo ine ndinapitako kukapepesa ndi patapata zomwezi ndimayenda nazo pakhomo. Ndinawauza, sanakhulupirire, akuti adokotala amangofuna ndalama.

Ndinafunsa mtengo wa faifi-ini-wani uja pamalo pomwepo, anati K200 jekiseni imodzi, atatu K600. Ndinangoyang'ana kudenga.

Ndiye mukandifunsa kuti ndingakutumizeni kumeneko, inde ndingakutumizeni, makamaka usiku kapena pa wikendi pamene kwina kuli kotseka, chifukwa amayankha foni, amadziwa ntchito, malo ndi aukhondo ndipo galu samugwira ngati chinthu chonyansa. Pa nyenyezi zisanu ndipereka zinayi, imodzi ndachotsa chifukwa cha bilu yobisika ija basi. Koma mupite mutakonzeka. Funsani kuti ya usiku ndi ya kuyeza zili mkati kapena ndi zapadera, funsani ya pa tsiku ndi zimene zili mmenemo, muwauze akulembereni pa pepala, ndipo tsiku lililonse mukapita kukaona wodwala mufunse kuti pofika lero tili pa zingati, osachita manyazi ngati ine. Mutenge nsalu ndi katoni zoti simudzazifunanso. Ndipo ngati mukudziwa kuti simungakwanitse kugoneka, nenani poyera, ndinamva akuuza bambo wina amene anabwera ndi kagalu ka mtundu wa German Shepherd kuti pali njira yobwera naye mmawa ndi madzulo kudzabayidwa ndi kupatsidwa madzi pansi pa chikopa, yotsikirapo mtengo ngakhale mwayi wake ndi wochepa kuposa kugona pa dilipu. Ine njira imeneyi sanandiuze usiku uja, mwina poona mmene Kambuku analili, sindinafunse.

Kambuku pano ali ndi miyezi 9, wakula mpaka akundifika m'mabondo, pa mwendo pamene anameta ubweya kuti abaye kanula panamera wina woderako ndiye ali ndi banga loonjezera. Akatemera onse anamaliza, kapepala kake ndimasunga pamodzi ndi khadi ya ku sikelo ya mwana. Apongozi anabwera pa Khirisimasi, anamuyang'ana nthawi yaitali ali gone pa khonde, anati ndiye uyu wa 2,000 uja, nanga amauwa mosiyana ndi anzake. Abambo ake a mwana amene ankati tipatsidwa wina ulele ndi amene amamubweretsera mafupa ku butchala Loweruka lililonse, ndipo sabata yatha ndinawapeza akumuchotsa nkhupakupa m'makutu ndi ka pulayazi kawo ka pa galimoto.